Mayeso Osalola Kucheuka

Ana asukulu ndiwo anawapatsa dzinalo, ndipo linawakakamira ngati chisoso pa siketi. Kwa zaka makumi awiri ndi chimodzi, m'chipinda chilichonse chimene iwo ankayang'anira mayeso, kukatsala mphindi khumi ankagogoda tebulo ndi choko n'kunena mawu omwe aja: "Onaninso, ana inu. Bwererani koyambirira, onaninso." Basi anasanduka Mayi Onaninso. Ahedi ankawaitana choncho pamsonkhano wa aphunzitsi, ndipo amuna awo, telala wa shopu ya pakona, akafuna kuwaputa ankangoti, "Mchere mwathira, mayi? Onaninso."

Malamulo awo a mayeso anali atatu, ndipo mwana aliyense wodutsa m'manja mwawo ankawaloweza ngati vesi la Sande sukulu. Yamba wawerenga pepala lonse. Funso likakuumira, usalimbane nalo, lemba nambala yake pambali n'kulilumpha. Ukatha zofewa, bwerera ku zouma zija mtima utakhala pansi. Ana ambiri anaoloka ndi malamulo amenewa, ndipo mayiwo ankawakhulupirira monga ankakhulupirira kuti mawa kucha.

Chaka chimenecho mayeso anafika pakhomo pa iwo eni. Anali atapempha malo ku yunivesite kuti akachite digiri yachiwiri, n'cholinga choti adzaphunzitse aphunzitsi ku koleji, chinthu chimene anakhala akuchipempherera kuyambira ana awo ali kumsana. A ku yunivesite anayankha kuti malo alipo, koma alembe kaye mayeso olowera ndipo apeze malikisi osachepera 70, zotsatira zifike mwezi umene anawaikira usanathe. Ku ofesi ya zamaphunziro nako anali ndi lamulo lawo: tchuthi chokaphunzira ankapereka kwa mphunzitsi amene sanakwanitse zaka makumi anayi ndi zisanu. Mayi Onaninso ankakwanitsa zakazo miyezi inayi ikubwerayo. Tsiku lolembera mayesowo linalipo limodzi lokha mwezi umenewo, Loweruka. Chaka chamawa cha iwo kunalibe.

Anakonzekera, pamenepo pasakhale wonama. Mphunzitsi mnzawo wina amene anasamuka kalekale anawasiyira buku lalikulu lokonzekera mayesowo, lothothoka chikuto, lolemera ngati njerwa. Miyezi inayi yathunthu ankakhala nalo pathebulo lodyera akaweruka, wotchi pambali, akutsata malamulo awo atatu aja. Akadzichonga ankapeza 78, tsiku lina 81. Ankadziwa kuti masiku ano mayesowo amalembera pa kompyuta, koma mumtima ankati kompyuta ndi pepala lomwelo, kungoti limawala. Kalata yochokera kumalo olembera mayeso inabwera ndi masamba khumi ndi awiri ofotokoza kalembedwe kake. Iwo anangoona tsiku ndi nthawi, n'kupinda masambawo, n'kuwalowetsa m'chikwama cha buku la nyimbo. Ndani angaphunzitse Mayi Onaninso mmene mayeso amalembedwera?

Kutatsala masiku asanu ndi anayi, Lachinayi masana, anapita kukaonetsa chitupa ndi kukaona chipinda. Malowo anali pamwamba pa nyumba yosanja, munthu ukadutsa sitolo ya mankhwala ndi ya magalasi n'kukwera masitepe aatali. Anawalandira mayi woyang'anira, wa imvi zometa bwino, mpukutu wa makiyi uli m'chiuno.

"Popeza mwafika, yeserani," anatero woyang'anirayo. "Aliyense timamulola kamodzi. Mafunso makumi awiri, mphindi makumi anayi. Sizilowa m'kaundula."

Anawakhazika m'kachipinda ka matabwa mbali zitatu, n'kuwapatsa kabolodi koyera ndi cholembera chofufutika. Mayi Onaninso anapukuta magalasi, nafuna kuyamba awerenga mafunso onse. Koma pagalasi la kompyuta panali funso limodzi lokha, lili lokhalokha ngati mlendo pa siteji ya basi. Anayankha. Linabwera lachiwiri, anayankhanso. Lachitatu linali louma. Anadina kuti apitirire, makinawo anakana, akuti sankhani kaye yankho. "Chabwino," anatero chamumtima, "tionana pobwera." Anangodina yankho limene linali pafupi, n'kulemba 3 pakabolodi. Lachinayi chimodzimodzi. Lachisanu ndi chimodzi, lachisanu ndi chiwiri, lachisanu ndi chinayi, onsewo anawalemba manambala pambali mwaukhondo.

Kenako njira inasalala. Mafunso anayamba kubwera ofewa, oti mwana wa fomu wani angayankhe akutafuna chingamu. Mayiwo anamwetulira, mpaka anayamba kung'ung'udza nyimbo yoyamika imene kwaya yawo inkaphunzira sabata imeneyo. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Anamaliza funso lomaliza kutatsala mphindi khumi ndi zisanu ndi ziwiri, nthawi yokwanira bwino kubwerera ku zisanu zija. Anayang'ana kumanzere kwa galasi, kumanja, pansi. Anakweza dzanja ngati mwana wa m'kalasi.

"Pepani, mayi," ananong'ona woyang'anira atafika, "pobwerera m'mbuyo ndi pati?"

"Kubwerera kuti?"

"Ku mafunso amene ndawasiya. Awa, ndawalemba apa."

"Simunawasiye. Mwawayankha."

"Ayi, ndinangodinapo kuti andilole kudutsa."

"Kumeneko ndiye kuyankhako, aphunzitsi."

Woyang'anirayo anawerama n'kudina pakona. Panatuluka nambala yaikulu yakuda: 41.

Mayi Onaninso anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Nambala ija sinasinthe.

"Koma kumapetoku ndimakhoza zonse," anatero. "Zinali zophweka."

"N'chifukwa chake. Makinawa amakuyezani mukuyenda. Mukakhoza, amakupatsani lolemerapo. Mukalakwa, amakupeputsirani. Mukalakwa kangapo motsatizana, amati munthuyu mphamvu zake n'zomwezi, ndiye amakulandani chakudya cholimba n'kuyamba kukumwetsani mkaka. Mafunso a mkaka malikisi ake ndi a mkakanso. Masamba amene tinakutumizirani aja simunawerenge?"

Funso limeneli mayiwo anali atafunsapo ana mazanamazana, ataima chilili manja ali m'chiuno. Tsiku limenelo anadziwa mmene limapwetekera ukakhala pampando.

"Ndingayeserenso?"

"Ndi kamodzi kokha, mayi. Kachiwiri ndi Loweruka lija."

Masitepe aja anatsika atagwira khoma. Panja dzuwa linali likuwala monga mwa masiku onse, anthu akugula mankhwala a chifuwa, ena akuyesa magalasi, ngati palibe chachitika. Sanapite kunyumba. Miyendo inawatengera ku shopu ya amuna awo.

A Telala anali ataweramira thebulo lodulira, tepi ili m'khosi, mapini atatu ali pakamwa, nsalu yabuluu ya suti yaukwati itayalidwa ndi mizere ya choko. Atawaona nkhope, analavulira mapini m'dzanja.

"Kwagwanji? Wamwalira ndani?"

"Digiri," anatero mayiwo, n'kudzigwetsa pabenchi ya makasitomala. "Fote wani, bambo. Ine. Mwana atandibweretsera fote wani ndimaitanitsa makolo."

Anafotokoza zonse, za mafunso asanu aja, za mkaka, za njira yobwerera imene kulibe. A Telala anamvetsera osadula mawu, kenako anafunsa modekha, "Masambawo ali kuti?"

"M'chikwama cha nyimbo."

"Ee, ndiye akhala akupita kutchalitchi miyezi iwiri. Atembenuka mtima amenewo."

"Bambo, si nthawi yoseka ino."

"Sindikuseka. Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo, koma inu mwaona msanga, denga musanafolere. Tawerengani ndimve."

Chikwamacho chinali pomwepo, chifukwa Lachinayi linali tsiku la kwaya. Anatulutsa masamba aja, anawawongola pabondo, nawerenga mokweza. Magawo awiri, la masamu ndi la kuwerenga nkhani n'kuyankha. Gawo lililonse mafunso makumi atatu, ola limodzi, ndiye kuti mphindi ziwiri pa funso. Kupuma mphindi khumi pakati. Palibe kulumpha, palibe kubwerera. Nthawi ikakuthera mafunso ena usanawafike, chilango chake n'chachikulu kuposa cha kulakwa. Ndipo pamapeto, makina asanakuonetse malikisi, amakufunsa ngati ukufuna kuti zotsatira zisungidwe kapena zifufutidwe. Zikasungidwa zimapita zokha ku yunivesite ndi ku ofesi imene ikukupatsa tchuthi.

"Ku ofesi," anabwereza mayiwo. "Kumene theka la makalaliki ndi ana anga a m'kalasi. Adzatsegula n'kuona kuti Mayi Onaninso apeza fote wani."

A Telala anatenga buku lalikulu lija m'chikwama cha akazi awo, analitsegula, nalozera ndi chala. "Tinyenyezi iti n'ta chiyani?"

"Kamodzi ndi funso lofewa, tiwiri lapakati, titatu louma."

"Mayankho ali kumapeto?"

"Eya."

A Telala anatenga sizasi yaing'ono, chifukwa yaikulu ya nsalu salola kuti ikhudze pepala, n'kuilowetsa m'tsamba. Mayiwo anadzuka ngati alumidwa ndi nyerere.

"Mwapenga kodi? Buku la eni!"

"Mwini wake anasamuka zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo bukuli ndi limene lakunamizani. Muli mafunso angati amene simunawagwire?"

"Mwina mazana atatu."

"Akwana."

Madzulo amenewo mayiwo sanapite ku kwaya. A Telala ankadula funso lililonse palokha, kampepala kotalika ngati lamba wa diresi, akazi awo akulemba nambala kumbuyo, ndipo timapepalato ankatiponya m'makatoni atatu a nsapato monga mwa tinyenyezi take. Masamba a mayankho a Telala anawapinda n'kuwaika m'thumba la malaya, pamtima.

Kuyambira Lachisanu sukulu inasamukira mushopu. Mayiwo akaweruka ankakhala pabenchi, a Telala pamakina osokera, wotchi yapakhoma ili pakati pawo. A Telala ankapereka kampepala kamodzi. Mayiwo akatchula yankho, iwo ankasuzumira m'thumba la malaya, osanena kanthu, n'kulanda kampepalako n'kukaponya m'dengu la zigamba pansi pa thebulo. Kenako ankatenga kena, m'katoni youma ngati akhoza, m'katoni yofewa ngati alakwa.

Tsiku loyamba linali la nkhondo.

"Ndakhoza kapena ndalakwa?"

"Funso lachisanu ndi chitatu ili."

"Ndikufunsa lija lapita!"

"Lapita."

"Tangondibwezerani kamodzi kokha, ndaona pamene ndasokoneza."

Mayiwo anawerama kuti apise dzanja m'dengu, a Telala anaika phazi pamwamba pake. Zaka makumi awiri ndi zitatu za ukwati, anali asanayang'anizanepo ndi maso otero. Mayi wina amene anabwera kudzayesa diresi anaima kuseri kwa katani akumvetsera, kenako anatulutsa mutu.

"A Telala, mwatsegula sukulu ya akuluakulu? Amuna anga atayerekeza kundifunsa mafunso chonchi, banja likhoza kutha Lachiwiri."

"Awa ndiwo anandipempha, mayi."

"Sindinapemphe!" anakuwa Mayi Onaninso, ndipo onse atatu anaseka, koma kuseka kwa aphunzitsi kunathera m'misozi.

Kasitomala uja atapita, a Telala anakhala pabenchi pambali pawo. "Mayi, taonani nsalu iyo. Ndi ya mwini, yaukwati, ndipo ilipo imodzi. Ndimayeza kawiri, ndimapemphera kamodzi, ndimadula. Kuonanso kwanuko n'kwabwino, inenso ndimachita, koma ndimachita sizasi isanadutse. Ikadutsa, ndikayamba kulira mkono umene ndadula kale, ndiwononganso kolala."

"Inu munazolowera."

"Ndinazolowera nditawononga masuti awiri. Inu mwawononga imodzi yokha, yoyeserera."

Loweruka mayiwo anatulukira chinyengo: ankayang'ana katoni imene dzanja la amuna awo likulowera, n'kudziwa ngati akhoza. A Telala atazindikira, anabisa makatoni onse kuseri kwa makina. Kuyambira pamenepo chimene chinkawauza kanthu chinali kulemera kwa funso lokha. Likabwera louma, mutu unkawawa koma mtima unkati mwina zili bwino. Likabwera lofewa, ankadziwa kuti alakwa. Zonse zimene thupi lawo linaphunzira zaka makumi awiri zinafunika kutembenuzidwa ngati malaya ochapa.

Lamulungu ku tchalitchi nyimbo zinawakanika. Pakamwa pankatseguka, koma m'mutu munali manambala. Pa nthawi ya pemphero la chamumtima anakumbukira mayi uja wa m'Malemba amene anauzidwa kuti athawe osacheuka, koma anacheuka n'kuuma pomwepo ngati mwala wa mchere. Kuyambira ali mtsikana ankamuweruza mayi ameneyo kuti anali wosamvera. Tsiku limenelo anamumvera chisoni. Mwina nayenso ankangofuna kuonanso ngati watseka bwino chitseko. "Ambuye," anapemphera, "ndinadzikuza, masamba aja sindinawerenge, mundikhululukire. Kukhoza ndi kulephera mwini wake ndinu. Koma khosi langali ligwireni, lisatembenuke."

Lolemba anayang'anira mayeso a fomu fili. Kutatsala mphindi khumi dzanja linagogoda tebulo lokha, ana onse n'kudzutsa mitu kudikira mawu aja. Anayang'ana ana akutembenuza mapepala awo mwaufulu, kutsogolo, kumbuyo, kufufuta, kulembanso, ndipo anawasirira ngati munthu wa m'ndende akuona mbalame. "Onaninso," anatero potsiriza, motsitsa. "Inu mukadali ndi mwayi umenewo."

Pofika Lachinayi dzanja linasiya kupita kudengu. Ankatha mafunso makumi atatu ola lisanakwane, ngakhale kuti kawiri konse anatsala ndi masekondi okha. Koma malikisi ake? A Telala sankadziwa mmene makina amawerengera. Ankangoti, "Katoni ya nyenyezi zitatu ikutha msanga kuposa zinzake." Mayiwo ankafunsa ngati kutha kumeneko ndi 70 kapena 65, a Telala n'kutambasula manja. Chakudya chinasiya kulowa. Siketi imene amuna awo anawasokera chaka chatha inayamba kuzungulira m'chiuno.

Loweruka linafika ngati mlendo amene wakhala ukumuona akubwera patali. Anakwera masitepe aja nthawi ikadalipo yambiri. Panali anthu ena asanu ndi awiri, onse aang'ono kwa iwo, ena a msinkhu wa mwana wawo woyamba. Woyang'anira uja anawalozera kabati kakang'ono kokhoma.

"Chikwama, foni, wotchi, ndolo, mpango. Matumba tembenuzani ndione."

Mayi Onaninso, amene anapisapo m'matumba a ana osawerengeka, anaima manja ali m'mwamba, matumba a juzi ali lende kunja. Woyang'anirayo potseka kabati anawayang'ana m'maso. "Mwawerenga tsopano?"

"Ndaloweza."

"Ambuye akutsogolereni, aphunzitsi."

Kachipinda kanali komwe kaja. Pakona ya galasi panali wotchi yowerenga chobwerera m'mbuyo. Funso loyamba analiyeza kawiri, n'kudina. Lachiwiri, lachitatu, lachinayi, lililonse lolemerapo pang'ono kuposa linzake. Lachisanu ndi chimodzi linali la thanki ya madzi ndi mipope itatu, kufunsa kuti idzadza pa maola angati. Anawerengera pakabolodi, yankho linapezeka pa mayankho asanu aja, anadina, napitirira.

Funso lachisanu ndi chiwiri litangotuluka, anazindikira pamene anasokoneza. Mpope wachitatu uja sunali wothira. Unali wotulutsa madzi. Anauphatikiza m'malo mouchotsera.

Dzanja linathamanga lokha kukafuna njira kumanzere kwa galasi. Kunalibe. Linatenga cholembera n'kulemba 6 pakona ya kabolodi, n'kuizunguliza. Anawerenga funso lachisanu ndi chiwiri, koma maso ankaona mipope. Analiwerenganso, mipope yomweyo. Anayamba kuwerengera thanki ija mwatsopano, kuti angodziwa yankho lenileni, ngati kuti kulidziwa kubweza kanthu. Atadzutsa maso, wotchi inali itadya mphindi zinayi ndi theka.

Ndiye ndi mmene zithere, anaganiza, pa thanki ya madzi. Anatseka maso, ndipo chimene anaona si mngelo kapena kuwala, koma phazi la amuna awo, lovala nsapato yakuda yong'ambika pachala, litaponda dengu la zigamba. Ananyowetsa chala chachikulu ndi malovu, anafufuta 6 uja mpaka pakabolodi panayera, nawerenga funso lachisanu ndi chiwiri kachitatu. Linali lofewa. Anadziwa chifukwa chake, koma analiyankha. Lachisanu ndi chitatu linali lapakati. Lachisanu ndi chinayi linaluma.

Kuchokera pamenepo anayenda ngati munthu wonyamula nyali usiku wopanda mwezi, imene imaunikira pamene phazi likuponda basi. Mafunso ankauma, n'kuumiratu. Ena anali a mtundu umene sanauonepo ngakhale m'katoni ya nyenyezi zitatu. Mphindi zinayi zija zinkawatsata ngati galu. Pa funso la makumi awiri ndi chitatu anachotsa mayankho atatu amene anaona kuti sangakhale oona, n'kusankha pa awiri otsalawo mosadziwa. Pa la makumi awiri ndi chisanu ndi chiwiri anachitanso chimodzimodzi. Lomaliza anadina kutatsala masekondi khumi ndi anayi.

Pa nthawi yopuma anamwa madzi pampopi wa m'khonde, mopupuluma mpaka madzi anathira juzi. Mtsikana wina ankauza mnzake kuti masamu anali ophweka kwabasi. Mayiwo anatsegula pakamwa kuti amuchenjeze, koma anatseka. Akanamuthandiza chiyani?

Gawo lachiwiri linabwera ndi nkhani zazitali, ina ya nyongolotsi za pansi pa nyanja, ina ya malamulo a umwini wa malo m'dziko limene sanalimvepo. Mayankho asanu onse ankaoneka ngati ana a mayi mmodzi. Maso ankawotcha. Kangapo konse khosi linafuna kutembenuka, kukumbuka liwu la m'nkhani yapita limene mwina sanalimvetse, ndipo nthawi iliyonse ankanong'ona, "M'dengu," n'kupitirira. Mafunso asanu omaliza sanali otsimikiza ngakhale limodzi.

Kenako galasi linayera, n'kutuluka mawu amene anawaloweza aja. Kusunga kapena kufufuta. Mphindi ziwiri zoganiza.

Anawerenga pamtima zimene ankadziwa kuti walakwa: thanki, ziwiri zongosankha zija, mwina zisanu za kumapeto, ndi zina zimene sakuzidziwa. Munthu wolakwa zonsezo angapeze bwanji 70? Akafufuta, palibe adzadziwe. Adzauza ahedi kuti anasintha maganizo, ana akufuna mayi pakhomo. Makalaliki a ku ofesi aja adzapitiriza kuimirira akamalowa. Dzina lidzatsala loyera. Digiri yokha ndiyo idzapite, ndipo idzapita mwakachetechete, popanda woseka.

Wotchi inati masekondi makumi asanu.

Koma mafunso aja anali ouma mpaka kumapeto. Mkaka sunabwerenso chichokere pa thanki paja. Kodi a Telala ankapisa m'katoni ya nyenyezi zitatu munthu akulakwa? Nanga ngati kuumako kunali kutopa chabe, mafunso ali ofewa, mutu ndiwo utafooka? Sakanadziwa. Panalibe poonanso. Anakumbukira wantchito uja wa m'Malemba amene anakwirira pansi chimene mbuye wake anamusungitsa, poopa kuti angachitaye, ndipo anadziwa kuti manyazi a ku ofesi angawapirire, koma kukalamba akudzifunsa kuti kodi inali nambala yanji sangakupirire.

Masekondi khumi ndi asanu ndi atatu. Anayeza kamodzi, anapemphera kamodzi, anadina posunga.

Makina anaganiza nthawi yaitali ngati akufunsa kumwamba. Mayiwo anaphimba maso ndi manja onse awiri, n'kusuzumira pakati pa zala monga amachitira ana a fomu wani polandira mapepala.

71.

Anavula magalasi, anawapukuta ndi juzi yonyowa ija, anawavalanso. Pamenepa pokha kuonanso kunali kololedwa, ndipo anaonanso katatu. Sanakuwe, chifukwa ena anali akulembabe. Anangoika chipumi pathebulo, mapewa akugwedezeka, milomo ikutchula dzina la Ambuye popanda mawu, mpaka woyang'anira anadzawagwira paphewa n'kuwatulutsa. Panja anawasindikizira pepala la zotsatira, anaona nambalayo, n'kugwedeza makiyi ake.

"Mwadutsa pa diso la singano, aphunzitsi."

"Amuna anga ndi telala," anayankha mayiwo akupukuta m'maso, osadziwa n'komwe chimene akunena.

Pansi pa masitepe, pakhomo la sitolo ya magalasi, a Telala anali ataima, tepi ili m'khosi. Anali atatseka shopu Loweruka, tsiku la makasitomala ambiri, chinthu chimene sanachitepo chibadwire mwana wawo womaliza. Anayang'ana maso ofiira a akazi awo, nkhope yawo inagwa.

"Palibe kanthu, mayi," anayamba. "Mulungu ali ndi njira zi..."

Mayiwo anawapatsa pepala. A Telala anali ataiwala magalasi pamakina, ndiye analitambasulira kutali, n'kutsinzina diso limodzi.

"Iyi ndi seveni kapena wani?"

"Seveni, bambo. Seveni ndi wani."

A Telala anakhala pansi pa sitepe yomaliza, pepala lili pachifuwa, anthu akuwalambalala. Kenako anapukuta nkhope ndi nsonga ya tepi.

"Koma funso lachisanu ndi chimodzi ndalakwa," anatero Mayi Onaninso atakhala pambali pawo. "Linali la thanki. Mpope wachitatu unali wotulutsa madzi, ine n'kuuphatikiza. Mukanaona mmene linalili lophweka. Muli ndi choko m'thumbamo? Ndikuonetseni pamene ndinasokoneza."

A Telala anapisa m'thumba, anatulutsa choko chawo chosalala cholembera nsalu, anachiyang'ana, n'kuchibwezera momwemo.

"Lili m'dengu limenelo, mayi. Tiyeni, mwini suti uja akundidikira, ndipo siketi yanuyi ikufunika kubweza m'chiuno musanapite ku yunivesite."